Ndalama za alendo a m'mapaki: anthu a m'malire amapezapo chiyani?

Mayiko angapo ali ndi lamulo loti gawo la ndalama zimene alendo amalipira m'malo osungira nyama lizibwerera kumidzi yozungulira malowo.

Lamuloli linabwera chifukwa chiyani?

Mapaki ambiri anakhazikitsidwa pamalo pamene anthu ankakhala, kusaka ndi kufula uchi. Ku Uganda, Abatwa anachotsedwa m'nkhalango za Bwindi ndi Mgahinga mu 1991. Okhala m'malire nawonso njovu zimawathera mbewu usiku umodzi. Munthu amene nyama zimangomuluzitsa sungamuuze kuti asatchere msampha.

Gawolo ndi lalikulu bwanji?

Uganda imapereka 20 peresenti. Rwanda inayamba ndi 5 peresenti mu 2005, n'kukweza kufika pa 10 mu 2017. Musathamangire kunena kuti Uganda ndiyo yowolowa manja, yambani mwafunsa kuti peresentiyo ndi ya ndalama ziti. Ya ku Uganda amaiwerengera pa ndalama zolowera pageti, pamene ndalama zambiri zili pa ziphaso zokaonera anyani a gorila. Rwanda imawerengera pa ndalama zonse zimene mapaki apeza kwa alendo, ndipo chiphaso chimodzi cha gorila kumeneko ndi madola 1,500.

Amapatsa munthu aliyense m'manja?

Nthawi zambiri ayi. Ndalamazo zimapita ku zitukuko monga midadada ya sukulu, matanki a madzi ndi zipatala zazing'ono. Zabwino ndithu, komabe mdadada wa sukulu subweza munda umene njovu zapondaponda, ndiponso kumanga sukulu ndi ntchito ya boma kale, paki ilipo kapena palibe. N'chifukwa chake chipukuta misozi chimafunika thumba lakelake, monga anachitira ku Rwanda.

Kodi anthu angakhale eni ake, osati ongogawiridwa?

Zimatheka. Lamulo la 1996 ku Namibia limalola anthu a m'dera limodzi kulembetsa gulu lawo, lokhala ndi malire, mamembala, malamulo ndi komiti. Gululo limasainirana lokha pangano ndi mwini loji, ndipo ndalama zimalowa ku akaunti yake osadzera kulikulu la boma. Ku Australia, boma linabweza paki imene muli thanthwe lalikulu la Uluru kwa Anangu, eni nthaka a kumeneko, mu 1985, iwo n'kulibwereketsa malowo kwa zaka 99. Mubodi yoyendetsa pakiyo ambiri ndi Anangu, ndipo bodiyo inaletsa kukwera thanthwelo kuyambira mu 2019 chifukwa kwa iwo ndi lopatulika, ngakhale alendo ankakonda kulikwera.

Tisanasaine pangano tiziyang'ana chiyani?

Gawo lanu liziwerengedwa pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu, poti phindu amalichepetsa mosavuta m'mabuku. Alembe kuti pangano litha liti, mabuku aziwerengedwa ndi ndani, komanso malo amene alendo sayenera kupondako kapena kujambula. Pa ntchito, funsani ngati ana a m'deramo azidzafika pokhala operekeza alendo ndi mamanijala, kapena azingochapa mbale ndi kulondera.

Nanga alendo akasiya kubwera?

Gawolo limauma pomwepo. Mu 2020 Covid-19 itaimitsa ndege, maloji ambiri anatseka n'kutumiza antchito kunyumba. Komiti iziikako padera ndalama zina m'chaka chabwino, ndipo mabanja asasiye ulimi kapena ziweto chifukwa cha loji.