Agogo a mumdadada akusungulumwa anthu ali pomwepo

Ndatopa kumva mawu akuti, "Agogowa sangasungulumwe, pakhomo pathu pamadzaza anthu." Amene amanena zimenezi m'chipinda changa choonera odwala nthawi zambiri ndi ana amene anakatenga kholo lawo kumudzi n'kudzalisunga m'nyumba ya lendi ya mumdadada ku Ndirande, Bangwe kapena Mbayani. Iwo amaganiza kuti popeza mabanja angapo amatunga madzi pampopi umodzi, nkhani ya ocheza nawo inatha. Koma anthu a pamdadada amalawirira ku Limbe ndi m'tauni kukasaka ndalama, adzukulu amapita kusukulu, ndipo alendi amasamuka asanazolowerane ndi aliyense. Munthu amene kumudzi anali ndi munda wake, amene ankafunsidwa nzeru pamaliro ndi pazinkhoswe, amatsala pakhonde ndi moni wa m'mawa yekha.

Kusungulumwa kwa nthawi yaitali kumawononga thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wasonyeza kuti kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko, kuvutika maganizo ndi matenda oiwalaiwala, ndipo n'chifukwa chake mu November 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linakhazikitsa komiti yapadera yoona za vutoli.

Mayi wina wokalamba amandivutitsabe mumtima. Anasiya kupita ku Mvano, kenako anasiya kutuluka m'nyumba, anayamba kusiya nsima m'mbale ndi kuyankhula yekha usiku. Anansi ataona kuti sakuwayankha moni anayamba kunong'onezana kuti ndi mfiti, amayi n'kuletsa ana awo kuyandikira khomo lake, ndipo mwana wake anamuzunguza kwa asing'anga ndi kwa aneneri ogulitsa madzi kwa miyezi yambiri. Pofika kwa ife anali atawonda kwambiri. Tinapeza ng'ala m'maso onse awiri, makutu osamva bwino ndi matenda a kuvutika maganizo. Sankayankha moni chifukwa sankaumva, ndipo anasiya tchalitchi chifukwa ankaopa kugwera m'ngalande. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ku Lions Sight First Eye Hospital pachipatala cha Queen Elizabeth, mumzinda momwemo mmene iye anakhala mumdima nthawi yonseyo.

Anansi aja adziwe kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu malinga ndi lamulo la Witchcraft Act la 1911, ndipo mphekesera zoterezi ndi zimene zaphetsa okalamba m'dziko muno.

Ngati kholo lanu latha milungu iwiri likukana chakudya, lisakugona bwino kapena litasiya zimene linkakonda, musanene kuti ndi ukalamba chabe, ndipo musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Pitani nalo kuchipatala chaching'ono cha boma cha m'dera lanu mlungu womwewo, mupemphe kuti aone maso, makutu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze madokotala momveka kuti munthuyu amakhala yekha tsiku lonse ngakhale kuti pamdadada pali anthu.