Mphaka sangadziteteze yekha kumalo achilendo

Anthu ambiri amati mphaka ndi wochenjera, mukasamuka naye kupita kudera lotentha mungomusiya panja azolowera yekha. Si zoona zimenezo. Mphaka amadalira fungo la malo omwe akuwadziwa, ndiye kwachilendo sadziwa kothawira, fisi kapena nkhandwe ikamupeza usiku basi zake zada, nsato nayo imameza amphaka, ndipo kukwera mumtengo sikungamupulumutse kwa kambuku.

Kutenthanso kumapha. Mphaka amatuluka thukuta makamaka kumapazi, mukamuona akupuma wefuwefu kukamwa kuli yasa ngati galu dziwani kuti zavuta, muikeni pozizira, mpatseni madzi ndipo thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Masabata 2 kapena 3 oyambawo musungeni m'nyumba, ndipo akazolowera usiku asamatulukebe chonde.