Mlomo wasokedwa, nanga m'kamwa?

Linali tsiku la sikelo, mzere utafika mpaka pansi pa mtengo wa bulugamu, pamene mayi wina wa cha ku Dómuè anandiimikira kamnyamata ka zaka 4. Mlomo wake wam'mwamba unali wosokedwa bwino kwambiri, chipsera chake chochita kufuna kuyang'anitsitsa. Ndinakafunsa dzina. Kanayankha ndithu, koma mawu onse anathawira m'mphuno, ine osatolapo kanthu. Nditakauza kuti kayasamule n'kuwalitsa tochi, ndinaona mpata wautali kumwamba kwa m'kamwa, kuyambira kuseri kwa mano mpaka kum'mero, m'mphuno mukuonekera.

"Amake mwana, kodi sanakuuzeni kuti mudzabwerenso kudzasoketsa m'kamwamu?"

"Ananena, anamwino. Koma poti anthu anasiya kumuseka, ife tinkayesa zatha. Komanso chaka chimenecho kachewere sanayende malonda, ya ulendo inasowa."

Sindinawadzudzule. Ndagwira ntchito ya unamwino wa amayi ndi ana kuno kumtunda kwa chigawo cha Tete kwa zaka zambiri, ndipo yankho limeneli ndalimva kangapo. Ana awiri amabadwa ndi vuto limodzimodzi, onse n'kuchitidwa opaleshoni, koma wina n'kukula akulankhula bwino, mnzake mphunzitsi osamumva. Anthu amati ndi mwayi, ena amati ndi dzanja la dokotala. Dzanja lili ndi mbali yake, ndifikako, koma zambiri zimene zimasiyanitsa ana awiriwa zimachitika mwana asanagone pa tebulo la opaleshoni ndiponso atatuluka m'chipatala.

Pa khadi la mwana timalemba kuti fenda labial ngati wang'ambika mlomo wokha, fenda palatina ngati ndi kumwamba kwa m'kamwa, ndipo ana ambiri amabadwa ndi zonse ziwiri. Padziko lonse, mwa ana pafupifupi 700 alionse obadwa, mmodzi amabadwa chonchi. Nkhope ya mwana m'mimba imapangika kuchokera ku tizigawo timene timakula kuchokera m'mbali n'kudzakumana pakati. Mlomo umalumikizana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7 ya pathupi, ndipo denga la m'kamwa limatsatira, n'kumaliza kutsekeka miyezi itatu isanathe. Tizigawoti tikalephera kukumana, pamatsala mpata. Taonani nthawi yake: amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Choncho zimene agogo amakumbutsa, zoti mayi anaseka munthu wolumala mimba itakula, kaya bambo anasempha mwana, kaya mkazi mnzake anamulodza, sizikhudzana ndi mpatawu. Zimene zimadziwika n'zakuti nthawi zina vutoli limayenda m'magazi a kubanja, ndipo fodya, mowa, matenda a shuga ndi mankhwala ena a khunyu monga valproate zimaonjezera chiopsezo. Kawirikawiri palibe chifukwa chimodzi choti n'kuloza. Mayi wa khunyu asasiye yekha mankhwala powerenga izi, akambirane ndi achipatala asanatenge pathupi.

Ndimalimbikira kunena zimenezi chifukwa kusiyana koyamba kumayambira m'chikuta. Banja limene likukhulupirira kuti mwana ndi tsoka limamubisa. Sapita naye ku sikelo, katemera amamuphonya, mwezi umatha akuzungulira kwa asing'anga. Banja limene amalume, eni mbumba, anena msanga kuti "mwanayu ndi wathu, tiyeni naye kuchipatala" limakhala litapambana kale theka la nkhondo.

Nkhondo yeniyeni ya miyezi yoyamba ndi ya mkaka. Mwana wong'ambika mlomo wokha nthawi zambiri amayamwa bwinobwino, bere limatseka lokha mpatawo, kapena mayi amautseka ndi chala. Koma wong'ambika kumwamba kwa m'kamwa ali ngati munthu amene akumwa thobwa ndi bango loboola m'mbali: amakoka mpweya, mkaka osabwera. Amakhala pa bere ola lathunthu, n'kugona chifukwa cha kutopa, mayi n'kumati wakhuta. Pakatha masabata atatu, mzere wa pa khadi wagona kapena watsika. Ana otere sitiwataya chifukwa cha mpata weniweniwo, timawataya ndi njala ndi chibayo.

Chimene ndimaphunzitsa n'chosafuna ndalama. Mayi asambe m'manja, afinyire mkaka wake m'kapu yotsukidwa bwino, amukhazike mwana chokhala, mutu uli m'mwamba, osati chogona chagada. Akhudzitse mkombero wa kakapu kapena supuni pa mlomo wam'munsi, mwana azinyambita yekha, osamuthira ngati mukuthirira ndiwo kudimba. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kosachepera ka 8 usana ndi usiku, ndipo ulendo uliwonse usapitirire mphindi 30, chifukwa kupitirira apo mwana amawononga mphamvu zambiri kuposa zimene akulandira. Muzimugeyetsa kawirikawiri popeza amameza mpweya wambiri. Mkaka ukatulukira m'mphuno musachite mantha, imani pang'ono, mupukuteni, pitirizani. Mkaka wofinya usakhale maola opitirira 4, makamaka kwa anzathu a kumunsi ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kumene dzuwa silichita masewera. Ndinaonapo agogo ena akulandizana ndi mpongozi wawo usiku wonse, wina kufinya, wina kumwetsa ndi kasupuni ka tiyi. Mwana uja anafika miyezi itatu ali ndi masaya.

Kulemera n'kofunika chifukwa madokotala sagoneka tulo mwana wofooka. Pali muyeso wakale umene ambiri amaukumbukirabe: mwana akhale atakwanitsa masabata 10, akulemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo magazi ake, hemoglobina, afike pa 10. Kuno malungo amadya magazi a ana, ndiye neti ili mbali ya kukonzekera opaleshoni. Ngakhale chifuwa ndi chimfine cha tsiku limenelo chingabwezetse mwana. Zimawawa kuona mayi amene wagulitsa mbuzi, wakwera chapa makilomita opitirira 200 kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete, n'kuuzidwa kuti mwana wachepa sikelo, abwerenso. Musananyamuke, pitani ku Centro de Saúde yapafupi, mwana ayezedwe sikelo ndi magazi, mutenge guia, kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu, ndipo achipatala akufunsireni kumene opaleshoniyo ikuchitikira ndi tsiku lake. Nthawi zina ulendo umapitirira mpaka ku Beira, makilomita ena pafupifupi 600.

Tsono za nthawi. Mlomo umasokedwa mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6. Kumwamba kwa m'kamwa kumasokedwa pakati pa miyezi 9 ndi 18. Ndi maopaleshoni awiri, ndipo wachiwiriyu ndi amene amasiyidwa, chifukwa mlomo umaonekera kwa aliyense pa msika pamene m'kamwa simuona munthu. Komatu kwa tsogolo la mwana, wachiwiriyu ndiye wamkulu. Kumbuyo kwa denga la m'kamwa kuli mnofu wofewa umene umagwira ntchito ngati chitseko. Tikamanena p, b, t, d, k ndi g, chitsekochi chimatseka njira ya kumphuno kuti mpweya uunjikane m'kamwa. Yesani kunena "phala", "thumba", "khasu" dzanja lili patsogolo pa mlomo, mumva mpweya ukumenya chikhatho. Mwana wa mpata alibe chitsekochi. "Amama" amanena bwino, koma "ababa" imamvekanso ngati "amama". Pofuna kuti amvedwe, amayamba kupangira mawu kum'mero, ndipo chizolowezi chimenechi chikakhazikika sichichoka ndi ulusi wa dokotala. N'chifukwa chake tikufuna m'kamwa mutsekedwe mwana asanazolowere kulankhula. Mlomo ungasokedwe ngakhale munthu ali ndi zaka 30 n'kuoneka bwino, koma malankhulidwe sadikira choncho.

Za dzanja la dokotala, pali phunziro lochokera ku Britain. Mu 1998 lipoti la akatswiri kumeneko linapeza kuti zotsatira za ana awo zinali zosakhutiritsa poyerekeza ndi malo ena abwino ku Ulaya. Opaleshoniyi inkachitika m'malo 57, madokotala ambiri akusoka ana owerengeka chabe pa chaka. Anasonkhanitsa ntchitoyi m'malo ochepa, aliwonse okhala ndi gulu lathunthu: wosoka, wa mano, wa makutu, wophunzitsa kulankhula ndi namwino wodziwa za kadyedwe. Atayezanso ana patapita zaka pafupifupi 15, malankhulidwe ndi kakulidwe ka nkhope zinali zitasintha kukhala bwino. Dziko lolemera, zipangizo zilipo, koma chimene chinasowa chinali kuzolowera kwa manja ndi kulondoloza mwana mpaka atakula. Amisiri a madengu amadziwa zimenezi: woluka tsiku ndi tsiku ndi woluka kamodzi pa chaka, malichero awo safanana.

Kuno ana ambiri amathandizidwa kudzera m'makampeni, madokotala akabwera kwa masiku angapo, kapena kudzera m'mabungwe monga Smile Train, limene linayamba mu 1999 ndipo limathandiza madokotala a m'dziko momwemo kuchita opaleshoni ulere, ndi Operation Smile, limene linayamba mu 1982 ndipo limagwiranso ntchito kwa anansi athu ku Malawi. Ntchito imeneyi ndimaiyamikira ndi mtima wonse. Nkhawa yanga ili pa sabata yotsatira alendo atapita, ndi chaka chotsatira. Ndiye musachite manyazi kufunsa musanatuluke m'chipatala: kodi mwasoka mlomo wokha kapena ndi m'kamwa momwe? Tibwerenso liti, kuti? Bala likatseguka tipite kwa yani? Mayankho alembedwe pa khadi, ndipo mukafika kumudzi muwaonetse a APE, azaumoyo a m'mudzi, kuti azikukumbutsani.

Bala la m'kamwa limafuna ulemu kwa masabata awiri kapena atatu. Mkaka, phala lamadzimadzi, madzi oyera pang'ono akatha kudya kuti zotsalira zichoke. Nzimbe ayi, chimanga chokazinga ayi, zala ndi timitengo m'kamwa ayi, ndipo musapakepo mankhwala achikuda. Nthawi zina pamatsala kabowo kotchedwa fistula, kamene kamadutsa madzi ndi mpweya kupita m'mphuno. Kamachitika kawirikawiri ngati mpata unali waukulu, mwana anali wopereweredwa zakudya, kapena bala linalowa tizilombo. Kangatsekedwenso, koma kusoka kachiwiri pa chipsera n'kovuta kuposa koyamba.

Makutu nawo amaiwalika. Mnofu womwe uja wa kumbuyo ndi umene umatsegula kanjira kolumikiza khutu ndi kum'mero, choncho ana amenewa amadzadza madzi kuseri kwa mwinikhutu ndipo amamva ngati ali pansi pa madzi. Mwana wosatembenuka akaitanidwa, kapena wotuluka mafinya m'khutu, si wamwano, abwere timuone. Mano pafupi ndi mpata amamera mokhota, ena osamera, ndipo ngati usinini unang'ambikanso, pamafunika kuikapo kafupa mwana ali ndi zaka 8 mpaka 11. Akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu, koma kunyumba mungathandize: khalani maso ndi maso ndi mwana, nenani "pa, pa, ba, ba" akuona milomo yanu, mutchulireni mayina a zinthu pamene mukuphika, ndipo abale ake asamamuyankhulire kapena kumuyerekeza.

Kamnyamata ka ku Dómuè kaja kanasokedwa m'kamwa katakwanitsa zaka 5, amalume ake atagulitsa matumba awiri a nyemba n'kuperekeza okha. Phala silitulukiranso m'mphuno, ndipo kanayamba sukulu. Mawu ena akadali kuthawira kum'mero, moti amake amakhala nako pakhonde madzulo aliwonse kubwereza mawu amene ndinawalembera pa pepala. Ulendo watha amake anabwera nako pamodzi ndi mng'ono wake ku sikelo, ndinakaonetsa chithunzi pakhoma n'kufunsa kuti n'chiyani. Kanapuma mpweya, n'kutseka milomo mwamphamvu monga tinaphunzitsirana, n'kunena kuti "bakha". Kha uja sanatuluke bwino, koma ba ndinamumva.