Mafunso ndi mayankho pa mapu a mpweya ochokera ku setilaiti

Chiyambireni kugawa mapu oonetsa kuwonongeka kwa mpweyawa, anthu akubwera ku ofesi foni ili m'manja, kufuna kuti tiwathandize kusumira anansi awo. Tayankha zomwe zikufunsidwa kawirikawiri.

Kodi zithunzizi mumazitenga kuti?
Ku setilaiti ya Sentinel-5P ya pulogalamu ya ku Ulaya ya Copernicus. Setilaitiyi inaulutsidwa mu Okutobala 2017. Chipangizo choyezeracho dzina lake ndi TROPOMI.

Pali kulipira?
Ayi, n'zaulere. Bandulo yokha ndi yanu. Wina akakuuzani mtengo, si wa ife.

Mnansi wanga akuwotcha njerwa, mwana wanga akutsokomola. Chithunzichi si umboni woti andilipire chipukuta misozi?
Apa tiyankhe mosamala, chifukwa ife si khoti. Setilaitiyi imadutsa pamtunda wa makilomita 824, cha m'ma 1:30 masana, ndipo kadontho kamodzi pamapu ndi dera la makilomita 5.5 m'litali, 3.5 m'lifupi. Kadontho kotere ku Ndirande mwalowa maminibasi, mbaula, zinyalala zoyaka ndi uvuni wa mnansi wanuyo. Winanso mwina ndi utsi wa pakhomo panu pomwe. Komanso setilaitiyi imayeza mpweya wonse kuchokera pansi kukafika kumwamba, osati womwe ukulowa m'mphuno za mwana. Utsi wa madzulo, pophika nsima, siiuona. Kukachita mitambo, yalephera.

Ena akutikumbutsa za ku Mpumalanga, ku South Africa, komwe mu 2018 bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace linagwiritsa ntchito TROPOMI yomweyi kuonetsa kuchuluka kwa mpweya woipa wa nitrogen dioxide. N'zoona. Koma kumeneko ndi malo akuluakulu opangira magetsi ndi malasha, oundana dera limodzi, osati uvuni wa sabata imodzi. Sitikunena kuti dandaulo lanu n'labodza. Pitani ndi mwana kuchipatala, sungani buku lake, kenaka mukadandaule kukhonsolo.

Ndiye mapuwa ali ndi phindu lanji?
Lalikulu. Mu Seputembala ndi Okutobala, anthu akamasosa minda ndi kutentha tchire posaka mbewa, mpweya woipa wa mu utsi wotchedwa carbon monoxide umaoneka utakuta Zambia, Malawi ndi Mozambique, mphepo ikuukankha osafunsa malire.

Bwanji osangoika makina oyezera pansi?
Tikuvomereza, ndi amene angayankhe funso la mwana uja. Koma ndi odula, amafuna magetsi osazimazima ndi munthu wowasamalira, ndipo ofesi yathu ilibe ngakhale amodzi.