Mipikisano ya mabandi a sekondale ku America sinayambe mu 1976

Ambiri amaganiza kuti mipikisano ya dziko lonse ya mabandi a sekondale ku America inayamba ndi bungwe la Bands of America, lomwe linachititsa mpikisano wake woyamba wa mabandi oimba akuguba ku Whitewater, Wisconsin, mu 1976. Si choncho. Mpikisano wa dziko lonse wa mabandi a sekondale unachitikapo kale ku Chicago mu 1923, ndipo sukulu ya Fostoria ya ku Ohio ndi imene inapambana.

Chodabwitsa n'chakuti sanali aphunzitsi amene anakonza mwambowo. Anali makampani opanga malipenga ndi zida zina zoimbira. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, mabandi a akuluakulu anayamba kuchepa, malonda n'kutsika, ndiye makampaniwo anaona kuti ana asukulu ndiwo msika watsopano. Kunena zoona, cholinga chinali ndalama, ngakhale zipatso zake zinali zabwino.

Aphunzitsi anadzalowererapo pambuyo pake, n'kuyambitsa mpikisano wa malamulo omveka mu 1926. Bandi ya Joliet ku Illinois inapambana zaka zitatu zotsatizana.

Komanso kuguba sikunali pakati pa nkhani nthawi imeneyo. Oweruza ankamvetsera kwambiri kaimbidwe. Zoguba m'bwalo la mpira mosintha mizere zinadzakula bwino patapita zaka zambiri.