M'bale wanu wodwala matenda a muubongo akagwidwa ndi apolisi

Mu 1910, boma la atsamunda litafuna malo osungirako anthu odwala misala, linangopatula mbali ina ya ndende ya Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chimene timachidziwa lerochi chinachokera pamenepo. Padutsa zaka zoposa 100, koma mpaka pano kuno ku Lilongwe wodwala wina amayamba wagona m'chitokosi asanaonane ndi dokotala.

Chimene amagwidwira

Kawirikawiri si milandu ikuluikulu ayi. Wina watola chakudya pabenchi mumsika wa Tsoka osalipira. Wina wavula pagulu, wina wagenda minibasi kudepoti. Choopsa kwambiri ndi kulowa mumpanda wa eni usiku chifukwa mawu amene akuwamva yekha akumutuma. Ku Kawale, ku Mtandire kapena ku Chinsapo, munthu akangokuwa kuti "wakuba!", anthu safunsa zambiri, ndipo apolisi amafika wodwalayo atavulazidwa kale.

Matenda a muubongo monga schizophrenia, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300, sachititsa munthu kukhala chigawenga. Odwala ambiri sanamenyepo munthu, ndipo iwowo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Ngozi imakula wodwala akasiya mankhwala, makamaka akaphatikizapo chamba kapena kachasu.

Matendawa akamabwerera amayamba aonetsa zizindikiro: kusagona masiku angapo, kuyankhula kapena kuseka yekha, kukana chakudya poganiza kuti mwathiramo poizoni, kuleka kusamba. Mukaona zimenezi pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Bwaila, ku St John of God ku Area 43, kapena pachipatala chilichonse chapafupi kuti akulozereni koyenera. Musadikire kuti aswe kaye galasi la galimoto ya munthu.

Mukamva kuti ali kupolisi

Thamangirani kumeneko, ndipo m'manja mwanu mukhale zinthu ziwiri: buku lake la kuchipatala ndi mankhwala ake. Mawu apakamwa akuti "bwana, m'bale wangayu mutu wake sukuyenda bwino" apolisi amawamva kwa anthu ambiri, ena ongofuna kuzembetsa mlandu. Buku lolembedwa ndi achipatala ndilo limakuikirani umboni.

Pemphani kuti zilembedwe kuti munthuyo ndi wodwala komanso nthawi imene amamwera mankhwala. Ngati amabayitsa jekeseni ya pamwezi, tchulani tsiku lake. Mankhwala ngati chlorpromazine ndi haloperidol safuna kudukizadukiza. Akalekezedwa, matenda amabwerera, ndipo m'chipinda chothinana, chaphokoso, chosagoneka, zinthu zimaipa msanga. Kwa amene amamwa carbamazepine kapena sodium valproate chifukwa cha khunyu, kusiya mwadzidzidzi kungamugwetse momwemo. Auzeninso apolisi ngati anayesapo kudzipha, kuti azimuyang'anira.

Chinanso: munthu amene wabalalika mutu mwadzidzidzi, thupi latentha, sakudziwa pamene ali, mwina si misala. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kutsika kwa shuga m'thupi kapena kuvulala m'mutu kumaoneka chimodzimodzi. Ameneyo malo ake ndi kuchipatala, nthawi yomweyo.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chimene wagwidwira m'chiyankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wosayankha mafunso, ndipo aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa tsiku lopuma. Ufulu umenewu wodwala sangaumenyere yekha. Munthu wosokonezeka amavomera chilichonse, ngakhale chimene sanachite, choncho pemphani kuti asafunsidwe mafunso kapena kusayinitsidwa pepala popanda m'bale kapena loya. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama ya loya.

Kukhoti

Pano pali mafunso awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba: kodi panopa munthuyu akutha kutsatira mlandu ndi kudziteteza? Ngati khoti likukayika, limaimitsa mlandu n'kulamula kuti akapimidwe, nthawi zambiri ku Zomba Mental Hospital. Lachiwiri: kodi pa nthawi imene ankachita chinthucho ankazindikira chimene akuchita, kapena kuti n'cholakwika? Funso lachiwirili lili m'gawo 12 la Penal Code, malamulo okhudza milandu ndi zilango zake.

Ndiye musanamizidwe kuti kukhala ndi buku la kuchipatala ndiye kuti mlandu watha. Wodwala amene ankadziwa bwinobwino chimene akuchita amayankha mlandu ngati wina aliyense. Ndipo ngakhale khoti litapeza kuti anachita chifukwa cha matenda, likhoza kulamula kuti akasungidwe kuchipatala, osati abwerere kunyumba.

Akatumizidwa pa limandi ku ndende ya Maula, m'pamene mabanja ambiri amagwa ulesi. Ena, kunena zoona, amapumirako m'mwamba chifukwa kusamalira wodwala wotere n'kotopetsa, ndipo sitingawaweruze. Koma wodwala wopanda womuyendera sachedwa kuiwalika, pakuti iye sangafunse kuti fayilo yake ili pati. Kaonaneni ndi achipatala cha kundendeko, muwasiyire dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Funsani ngati pali ogwira ntchito a bungwe la PASI, amene amathandiza omangidwa kutsatira milandu yawo. Lembani nambala ya mlandu ndi tsiku lobwerera kukhoti, ndipo tsikulo mukapezekeko.

Akatuluka, musanaganize zina, mupite naye kukiliniki kumene ankalandira mankhwala kuti akamuonenso ndi kumupatsa tsiku lobwerera. Kenako kafotokozereni amfumu ndi a komiti ya chitetezo ya m'dera lanu za matenda ake, muwapatse ndi nambala yanu ya foni, kuti tsiku lina akadzamuona akuyendayenda usiku adzayambe aimbira inu.