Kuzizira kwa pansi pa Scapa Flow

Pa 21 June 1919, mkulu wina wa asilikali apamadzi a dziko la Germany, Ludwig von Reuter, analamula anyamata ake kuti amize okha sitima zawo zankhondo zomwe zinali m'manja mwa a Britain ku Scapa Flow, pakati pa zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland, poopa kuti adani angazigawane. Mwa sitima 74, zokwana 52 zinamira tsiku lomwelo. Zambiri zinavuulidwa m'zaka zotsatira n'kuphwanyidwa kuti anthu apezepo zitsulo, koma zikuluzikulu 7 zidakali pansi mpaka lero, ndipo chaka ndi chaka maboti ochokera padoko la Stromness amanyamula anthu okaziona.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kusambira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya, ndipo amene akukonzekera ulendo wotere ndimawauza kuti choopsa chachikulu kumeneko ndi kuzizira, kuposa mdima kapena zitsulo zadzimbiri. Madziwo amakhala pafupifupi madigiri 7 kumayambiriro kwa chaka ndipo ngakhale m'chilimwe sapitirira kwenikweni madigiri 13 kapena 14. Munthu amene anaphunzirira ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay, komwe madzi amakhala opitirira madigiri 20 chaka chonse, ayenera kudziona ngati woyamba kumene, pakuti madzi amayamwa kutentha kwa thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya.

Chovala chake ndi drysuit, chomwe sichilola madzi kufika pakhungu, ndipo mkati mwake munthu amavala zofunda zochindikala. Chovalachi chili ndi mwambo wake. Potsika, madzi amachifinyira pathupi mpaka kutsina, motero umathiramo mpweya pang'onopang'ono. Pokwera, mpweyawo umafufuma ndipo uyenera kuutulutsira pa valavu ya paphewa. Ukauleka kuthawira kumapazi, miyendo imanyamuka, mutu n'kuloza pansi, ndipo munthu amakwera ngati chibaluni osatha kudziimitsa. N'chifukwa chake sindilola wophunzira kupita pa sitima yomira asanayesere kangapo, m'madzi osaya, kudzipinda ndi kutembenuka kuti abweze mpweyawo kumtunda kwa thupi.

Mwa sitima 7 zija, zitatu zazikulu kwambiri, König, Kronprinz Wilhelm ndi Markgraf, zinatembenuzika pomira chifukwa cha kulemera kwa mizinga, kotero wofuna kuona mizingayo ayenera kutsika mpaka pamatope n'kusuzumira ndi tochi kunsi kwa chitsulocho. Pa Markgraf ndiye kuti wafika mamita pafupifupi 45. Pa mamita 30 pokha, munthu amatha mpweya mofulumira ka 4 kuposa ali pamwamba, ndipo nayitrogeni wa mumpweyawo amayamba kumuledzeretsa. Kuzizira kumawonjezera kuledzerako, komanso kumachititsa kuti munthu apume mothamanga.

Zizindikiro za kuzizira zimayambira m'manja. Ndinaonapo mnzanga wina wodziwa bwino ntchito, titatha mphindi 20 pambali pa sitima ina yomira yotchedwa Cöln, akulimbana ndi kachitsulo kokolekera tochi komwe pa boti amakatsegula osayang'anako. Chala chachikulu chinkangoterereka. Kenaka anayang'ana geji ya mpweya nthawi yaitali, n'kuibweza, n'kuitulutsanso, ngati kuti manambalawo sakumuuza kanthu. Nditamufunsa ndi chizindikiro cha dzanja anayankha kuti ali bwino, ndipo ndikhulupirira kuti iye ankaonadi choncho. Ndinamulozera kumwamba, tinabwerera kuchingwe chomwe timagwira potsika ndi pokwera. Ine sindidikira kuti munthu anene kuti wazizidwa, chifukwa ubongo womwe uyenera kuzindikira vutolo ndi womwewo umene wafooka.

Gawo lovuta kwambiri ndi pokwera. Nayitrogeni amene walowa m'thupi ayenera kutuluka mwapang'onopang'ono, apo ayi amapanga thovu m'magazi ndi m'mfundo, zomwe zingathe kupuwalitsa munthu. Koma thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita kukhungu, kumanja ndi kumiyendo, motero nayitrogeniyo amachedwa kutuluka pa nthawi yomwe munthu wangogwira chingwe pa mamita 5 kapena 6, osasuntha, akunjenjemera ndi kulakalaka tiyi wa pa boti. Pa chifukwa chimenechi, pokonza ulendo ndimayamba kuwerengera mphindi zomwe wophunzira angathe kupirira pachingwecho atazizidwa kale, ndipo nthawi yoti akhale pansi akuona sitima ndimaidula kuti igwirizane ndi mphindi zimenezo.